Ng'oma ya ku Balaka ndi Moyo wa Soja Lucius Banda

Akuluakulu amene adasunga mbiri ya makolo athu amasimba kuti pamene Amaravi adanyamuka ku Uluwa, dziko lakutali limene lero lili m'kati mwa Congo, nayenda zaka zosawerengeka akumanga misasa ndi kuipasula, kuwoloka mitsinje ndi kuika akufa awo m'njira, kufikira tsiku limene adaona madzi a nyanja nakhazika Kalonga wawo ku Mankhamba, sadasenze mbewu, makasu ndi moto zokha ayi, koma adasenzanso ng'oma. Ku Msinja, kumene Makewana ankapempha mvula m'malo mwa mtundu wonse, kudali ng'oma yopatulika yotchedwa Mbiriwiri, imene munthu wamba sakadayerekeza kuikhudza. Kuyambira masiku amenewo woimba pakati pathu adali wantchito wa mudzi, monga adaliri wosula makasu ndi mzamba, pakuti maliro sankatha popanda iye, chinamwali sichinkatha popanda iye, ngakhale dima la kumunda linkafooka dzuwa lisanafike pamutu pakasowa wotsogolera nyimbo.

Koma padali ntchito ina ya woimba yoposa zonsezi, ndipo wofuna kuimvetsa ayambe waima pafupi ndi mtondo. Mkazi amene mwamuna wake wagulitsa nkhuku ndi kumwera ndalama zake, kapena amene apongozi ake amamuyesa kapolo, sankatha kuimirira pabwalo ndi kutula dandaulo lake pamaso pa amuna. Koma m'mamawa, atathira chimanga mumtondo ndi kuwazamo timadzi kuti gaga achoke bwino, ankakweza munsi, mnzake nakweza wake, ndipo pakati pa kugunda kwa minsi iwiriyo ankaponyapo nyimbo yosatchula dzina la munthu, koma yoti mudzi wonse unkadziwa mwini wake. Wolakwayo ankaimva ali khale pakhonde, makutu ali tcheru ngakhale maso ali kwina, ndipo sakadatha kukasuma kwa nyakwawa, chifukwa nyimbo ya pamtondo ilibe mlandu. Momwemonso Gule Wamkulu ankaseka mfumu youma manja ndi mlendo wodzikuza pabwalo poyera, popeza chilombo sichiitanidwa kuti chidzayankhe mlandu. Ufulu umenewu, wonena m'nyimbo zimene pakamwa pawamba pakuopa, udayenda ulendo wautali kuchoka pamtondo kukafika pa gitala wamagetsi, ndipo chigawo chachikulu cha ulendowo chidadzera ku Balaka.

Dziko la Balaka ndi chigwa chotentha, cha malambe ndi masau, chogona pakati pa mapiri a Ntcheu ndi mtsinje wa Shire, kumene mvula imabwera mochedwa ndi kutsanzika msanga, ndipo mlimi wa thonje amaweramira nthaka chaka chonse kuti mtengo wa thonje lake akaudule munthu wina. Kale m'chigwachi munkalima Amang'anja. Kenaka, m'zaka za m'ma 1800, Ayao adatsika kuchokera kum'mawa, ena pothawa nkhondo, ena potsata malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo Angoni a Maseko adakhazikika m'mapiri a kumadzulo. Mitundu imeneyi idayamba ndi kulasana, nitsiriza ndi kukwatirana. Ndipo mwana wobadwira kumeneko ankakula akumva manganje ndi sikiri wa Ayao mbali iyi, ngoma ya zishango ya Angoni mbali iyo, kotero kuti khutu lake linkazolowera magule ambiri iye asanadziwe kulemba dzina lake.

M'chaka cha 1901 ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama, kwa Njobvuyalema, ndipo mu 1908 adatsikira kuchigwa natsegula mishoni ya Utale. Adadza ndi sukulu, mankhwala, ndi nyimbo za Chilatini zimene agogo athu ankaloweza bwino lomwe osamva tanthauzo lake. Koma ng'oma adaisiya panja pa tchalitchi, pakuti amishoni a masiku amenewo, a mipingo yonse, ankaiyang'ana ndi diso lokayika. Chimene chidasintha maimbidwe koposa chidali njanji. Pamene njanji yochokera ku Blantyre kunka ku Salima idatha mu 1935, Balaka adakhala siteshoni, malo otsazikirana ndi olandirirana. Anyamata ankakwera sitima kunka ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, ena natchona osabwereranso, ena nabwera ndi jekete, njinga, galamafoni, banjo ndi gitala. Asilikali obwerera ku nkhondo yaikulu yachiwiri adaonjezera zawo. Posakhalitsa dziko lidamva a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka akuimba kwela ndi chitoliro, ndiponso a Allan Namoko a ku Thyolo, munthu wakhungu amene banjo yake inkaona zambiri kuposa maso a openya.

Mwana wa m'mudzi, amene bambo wake sadapite ku Joni, sankagula gitala, ankamupanga. Ankatola chigubu cha mafuta ophikira chimene amayi ataya, n'kuchiboola, n'kulowetsamo thabwa losema ndi chikwanje, n'kumasula waya wa mabuleki a njinga yakufa ndi kumulekanitsa ulusi umodziumodzi, n'kusema tizikhomo tomangira nsambozo kumutu kwa thabwalo; ng'oma zake zidali zitini zokutidwa ndi chikopa cha mbuzi chimene ankachiwamba pamoto kuti chilire, ndipo zotsekera za mabotolo zotungidwa pawaya zinkagwira ntchito ya maseche. Zala zinkatupa ndi kuchita zipsera, koma m'mera ndi poyamba, ndipo oimba ambiri amene pambuyo pake adaimirira pamaso pa makamu a anthu adaphunzira pa zipangizo zoterezi.

Tsono kudachitika kuti msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, udalola kuti Misa ichitike m'zinenero za anthu eni, ndipo ng'oma imene idadikira pakhomo zaka makumi asanu ndi limodzi idalowa m'tchalitchi ndi maseche ake ndi nthungululu zake. M'dayosizi ya Mangochi, imene Ambuye Alessandro Assolari adakhala episkopi wake woyamba mu 1973, mudadza ansembe achinyamata a ku Italy, ndipo mmodzi wa iwo, Bambo Mario Pacifici, adatumizidwa ku parishi ya Balaka. Kumeneko adapeza anyamata oimba ndi zipangizo zopanga okha, pakati pawo pali Paul Banda wa m'mudzi wa Sosola kwa Mfumu Yaikulu Nsamala. Ndipo wansembeyo, m'malo mowathamangitsa kuti akusokosera, adawamvetsera, nawafunira zipangizo zenizeni. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Motero m'chaka cha 1978 idabadwa Alleluya Band, gulu limene lidayamba ndi kutamanda Mulungu, koma limene silidachedwe kuzindikira kuti Mulungu amene linkamuimbira ndi yemweyo wa amasiye, wa andende ndi wa mlimi wa thonje. Mu 1984 Bambo Mario ndi achinyamata awo adayambitsa Andiamo, liwu la Chitaliyana lotanthauza kuti tiyeni, kumene m'kupita kwa nthawi kudamera sukulu, malo ophunzirira ntchito zamanja ndi chipatala; ndipo maulendo a gululo okaimba ku Italy adathandiza kupeza chuma chomangira zimenezi. Aliyense wofuna kudziwa chifukwa chimene oimba a ku Balaka adakulira ndi mtima woti nyimbo iyenera kubala kanthu kogwirika asaiwale kuti iwo adaona ndi maso awo gitala akusanduka njerwa.

Masiku amenewo adali a chipani chimodzi, masiku oti munthu asanayankhule ankayamba wacheuka. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe losefa mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Wailesi idali imodzi yokha, ya MBC, ndipo woimba wofuna kujambula nyimbo ankadikira kuti a wailesiyo amukumbukire. Ngakhale nyimbo za amayi, zimene kale zinkadzudzula, zidatembenuzidwa kuti zizitamanda mtsogoleri mmodzi pa misonkhano. M'chaka cha 1983, chaka chomwecho chimene a Aaron Gadama, a Dick Matenje, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga adaphedwa ku Mwanza, dziko nkuuzidwa kuti idali ngozi ya galimoto, mnyamata wa zaka 13, mng'ono wake wa Paul, adayamba kuimba pambuyo pa mkulu wakeyo. Dzina lake lidali Lucius Chicco Banda, wobadwa pa 17 August 1970, ndipo mu 1985 adakwera pa nsanja koyamba ndi Alleluya Band.

Pano n'koyenera kuima pang'ono ndi kupereka ulemu kwa a Paul Banda, pakuti mtengo wopanda tsinde palibe adauonapo. Iwo ndiwo adaumba kamvekedwe kamene dziko lidadzakatcha rege ya ku Balaka, kofatsa, koyenda ndi kiyibodi, kokhoza kuvinidwa paukwati ndi kulirirapo pamaliro. Ndipo situdiyo yawo ya Imbirani Yahwe, imene ambiri ankangoti IY, idatsegula khomo limene lidali lotseka kwa mwana wa munthu wosauka. Achinyamata ankatsika basi pa Balaka ali ndi kope la nyimbo m'thumba, opanda kogona, opanda wachibale, nabwerera kwawo ndi kaseti. A Charles Nsaku, a Mlaka Maliro, a Coss Chiwalo, a Foster Chimangafisi, a Isaac Liwotcha, a Paul Subiri ndi a Rod Valamanja, onsewa ndi ena ambiri adamwa madzi a chitsime chimenechi.

Chaka cha 1992 chidagwedeza dziko, ndipo chivomerezicho chidayambira pafupi kwambiri ndi kwawo kwa anyamatawa. Kalata ya maepiskopi Achikatolika, imene idawerengedwa m'matchalitchi onse pa 8 March, yonena poyera za umphawi, za kutsekera anthu popanda mlandu ndi za mantha amene adakuta dziko, idasindikizidwa pa makina a ansembe a Montfort ku Balaka komweko, ndipo anthu okwiya nayo adakayatsa moto nyumba yosindikiziramo. Koma mawu adali atatuluka kale. Pa 14 June 1993 Amalawi pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha nyali ya matipate, ndipo pa 17 May 1994 adasankha boma latsopano. M'nyengo yomweyo a Lucius adapita ku Johannesburg kukaphunzira za nyimbo ku Dorkay House, nyumba imene idalera oimba otchuka a ku South Africa m'masiku a tsankho, ndipo adabwerako ndi chimbale chawo choyamba, Son of a Poor Man. M'chimbalemo mudali nyimbo ya Mabala, imene idachita pamaso pa mtundu wonse chimene mkazi uja ankachita pamtondo: idatchula zowawa za zaka makumi atatu, za anthu osowa ndi mabanja osweka, pa nthawi imene ambiri adali asadalimbe mtima kuzitchula ngakhale m'nyumba zawo.

Ife amene tidakula ndi kaseti tikukumbukira momwe nyimbo zimenezi zinkayendera. Kaseti inkagulidwa kwa O.G. Issa ku Limbe kapena kwa ogulitsa m'misika, n'kufika kumudzi m'thumba la malaya. Mabatire akafooka ankayanikidwa padzuwa pamwamba pa nkhokwe, ndipo pofuna kubwereza nyimbo, mwini wailesi ankatulutsa kaseti, n'kulowetsa bolopeni pa kabowo kake, n'kumaizunguza m'mwamba kuti asawononge moto. Madzulo anthu ankazungulira wailesiyo monga ankazungulirira nkhalamba ya nthano. Zimbale zidatsatana, Down Babylon, Cease Fire, Take Over, Yahwe, ndipo pamene anthu adaona kuti ufulu wafika koma mtengo wa feteleza wakwera, ndalama yagwa mphamvu, ndi kuti akuba angosintha malaya, woimbayo sadaleke kudzudzula chifukwa choti olamula tsopano adali anzake. Apa mpamene dzina loti Soja, msilikali wa amphawi, lidamera mizu. Silidaperekedwe ndi mfumu kapena boma, lidachokera m'maminibasi ndi m'misika.

Mu 1997 a Lucius adakhazikitsa Zembani Band, ndipo ngati pali ntchito imene ine ndiiyesa yaikulu koposa m'moyo wawo, ndi imene adaigwira m'gululi mopanda phokoso. Woimba wotchuka amakonda kuti nyali iwalire iye yekha, ndipo ambiri amaopa mwana waluso monga Saulo adaopera Davide. Koma a Lucius ankaitana achinyamata, kuwapatsa maikolofoni pamaso pa khamu limene lidadzera iwo, kuwajambulitsa nyimbo, ndi kuwalola kuchoka akakhwima kuti akayambe zawo. A Billy Kaunda, a Wendy Harawa, a Emma Masauko, a Dan Lufani, a Lulu ndi a Sam Smack ali m'gulu la amene adadzera m'manja amenewa. Pamene woimba mnzawo, a Paul Chaphuka, adamwalira mu 1997 asadatsirize chimbale chawo, abale a ku Balaka sadalole kuti mawu a mnzawo akwiririke pamodzi ndi thupi lake, ndipo Ndichiritseni idatuluka nitonthoza odwala ambiri m'zaka zimene Edzi inkalowa nyumba ndi nyumba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatero makolo, ndipo ku Zembani mwambiwu udali ndi malipiro a pamwezi ndi mpando m'basi ya gulu.

Koma walira mvula walira matope. M'chaka cha 2004 Soja adalowa ndale, naimba nyimbo ya Yellow yokopera anthu chipani cha UDF, nasankhidwa kukhala phungu wa kumpoto kwa Balaka, Balaka atakhala kale boma palokha kuyambira 1998. Pulezidenti amene adamuimbira, a Bingu wa Mutharika, adachoka m'chipanicho mu 2005 nayambitsa chawo, ndipo a Lucius ndiwo adaimirira m'Nyumba ya Malamulo kupereka ganizo lokonza ndondomeko yochotsera mtsogoleri pampando. Sipadapite nthawi, adazengedwa mlandu wogwiritsa ntchito satifiketi ya sukulu yachinyengo, ndipo mu August 2006 adalamulidwa kukakhala kundende miyezi 21. Adataya mpando wawo, nakhala ku ndende ya Zomba kufikira November, pamene bwalo lalikulu lidawatulutsa. Otsutsa adati munthu wodzudzula anzake ayenera kuyamba wasesa pakhomo pake, ndipo sadalakwe. Owakonda adati mlanduwo udakumbukiridwa chifukwa cha zimene adayankhula m'Nyumba ya Malamulo, ndipo nawonso adali ndi mfundo. Ine ndiona kuti ndale zidawachepetsa, pakuti woimba ali ndi dziko lonse, pamene phungu ali ndi chipani chake chokha. Komabe ndende idawapatsa chimene sadali nacho: adagona pansi pamodzi ndi anthu amene kale ankangowaimbira ali kutali, ndipo chimbale cha Cell 51 Maximum, chotchedwa ndi dzina la chitolokosi chawo, chidatuluka ndi fungo la malowo.

Adabwerera ku gitala osafooka. Mu 2010 wailesi ya boma idaleka kuulutsa nyimbo zawo chifukwa cha chimbale cha 15-15, koma nthawi idali itasintha, mawailesi adali ambiri, ndipo chiletsocho chidangokhala ngati kuthira mafuta pamoto. Chaka chomwecho adayambitsa Sand Music Festival m'mbali mwa nyanja, chifukwa zidawawawa kuona kuti pa zisangalalo zazikulu za m'dziko lawo lomwe oimba a kuno ankayesedwa operekeza. Ndipo pa mchenga wa ku Mangochi ndi ku Senga Bay mwana wa ku Ndirande kapena ku Mchesi adaimba pa nsanja imodzi ndi Busy Signal wa ku Jamaica, Diamond Platnumz wa ku Tanzania ndi Awilo Longomba wa ku Congo, pamene amayi ogulitsa nsomba zokazinga, eni malo ogona ndi anyamata a kabaza ankapeza m'masiku atatu ndalama ya miyezi. Anthu a kumpoto kwa Balaka adawasankhanso mu 2014, nawakana mu 2019 ataimira chipani cha UTM cha a Saulos Chilima. Ndipo boma la a Lazarus Chakwera litalowa mu 2020, adakhala mlangizi wa Pulezidenti pa nkhani za achinyamata ndi luso.

Zaka zawo zotsiriza zidali za matenda a impso, za kulowa ndi kutuluka m'zipatala, thupi likutha koma mawu alipobe. Ali m'chipatala ku Johannesburg adamva za ndege imene idagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024 ndi kupha a Chilima pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ndipo patangopita masiku 20, pa 30 June, dziko lisadapukute misozi, nawonso adatsikira kuli chete ali ndi zaka 53, atasiya zimbale pafupifupi makumi awiri. Mwambo wa maliro udachitikira pa bwalo la zamasewero la Balaka, pomwe padakhala Pulezidenti, nduna, ansembe ndi atsogoleri a zipani zimene sizimwerana madzi. Koma khamu lenileni lidali la anthu oyenda pansi ndi a panjinga, ndipo oimba amene adawalera adasinthana maikolofoni, ena mawu nkuwakanika pakhosi. Adaikidwa kwawo kwa Sosola, kufupi ndi tauni imene adayambira kuimba pambuyo pa mkulu wawo.

Lero Alleluya Band yapyola zaka 45 ndipo ikulandirabe achinyamata atsopano, sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pa Nkaya kunka ku Nacala zopanda matchona obwera ndi magitala, ndipo mitondo yambiri idagonekedwa kuseri kwa nyumba chifukwa amayi amakakonoletsa kuchigayo. Kumeneko amakhala pamzere, aliyense pa thumba lake la chimanga, wina atamanga foni pamfundo ya chitenje, nyimbo ya Soja ikulira pansipansi yosamveka chifukwa cha phokoso la makina. Ndipo magetsi akathima, monga amachitira kawirikawiri, chigayo chimati zii, mawu aja n'kumveka mpaka kumsewu, mayi wina n'kuyamba kuyankhira, mnzake n'kulandira.